Kadyedwe ka pa lesitilanti yaing'ono ya banja la ku Vietnam

Ana a kuno ku Mchinji ndi a ku Kasungu akuyenda kutali masiku ano, ena kusukulu, ena kukagwira ntchito, ena kukapikula katundu, ndipo ambiri akabwerako amakhala ndi dandaulo limodzi, loti ankadya koma osakhuta chifukwa kunalibe nsima. Inenso ndinali ndi dandaulo lomweli nditapita ku Hanoi, likulu la Vietnam, pa ulendo wa maphunziro a zaulimi, mpaka tsiku limene mnzanga wa komweko ananditengera ku kanyumba kodyera ka banja lina, kumene agogo aakazi ankayang'anira mphika, mwana wawo wamkazi ankapereka mbale, ndipo mdzukulu ankalandira ndalama asanathamangire kusukulu. Malo otere sali ku Vietnam kokha. Nkhondo itatha m'dzikolo mu 1975, anthu ambirimbiri anathawa, ambiri a iwo pa maboti, nakakhazikika ku America, Australia, Canada ndi France, ndipo mabanja ochuluka anayambiranso moyo potsegula malo ang'onoang'ono odyera. Choncho mwana wa kwathu amene ali ku Melbourne, ku Paris kapena ku California angawapeze pafupi ndi pamene akukhala, ndipo kawirikawiri ndi malo amene munthu wa m'thumba mochepa angadyepo chakudya chotentha, chophikidwa tsiku lomwelo.

Posankha malo musakopeke ndi kukongola kwa khomo kapena kutalika kwa mndandanda wa zakudya. Ku Vietnam mabanja ambiri amaphika chakudya cha mtundu umodzi wokha, chimene dzina lake amalilemba pachikwangwani, ndipo mphika ukatha amatseka ngakhale dzuwa lisanafike pamutu. Mipando yake nthawi zambiri imakhala ya pulasitiki, yofupika ngati ya ku sukulu ya mkaka, ndipo mumakhala moyandikana ndi anthu osawadziwa. Yang'anani pamene eni dera adzaza ndiponso pamene mphika ukuwira mosalekeza. Amene amagula kanyenya pa Kamwendo akudziwa kale kuti pamene pali anthu ambiri nyama sigona.

Ngati ndi koyamba, itanitsani phở. Pa dzinali ife Achewa timalakwitsa mosadziwa, chifukwa kwa ife zilembo za ph zimatchulidwa monga m'mawu akuti phiri kapena phala, pamene kwa iwo zimamveka ngati f. Dzinali limayandikira kwa "faa", mawu akukwera kumapeto ngati mukufunsa funso. Phở bò ndi wa nyama ya ng'ombe, phở gà ndi wa nkhuku. M'mbale yakuya amaikamo timizere toyera ta ufa wa mpunga, tofanana ndi supageti koma taphwatalala ndi tofewa, pamwamba pake tinthuli ta nyama todulidwa mopyapyala, kenako amathira msuzi wowira kwambiri mpaka zonse zitamira. Chakudyachi chinayambira kumpoto kwa dzikolo, m'dera la Hanoi ndi Nam Định, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndipo mpaka lero anthu a ku Hanoi amachidya kwambiri m'mawa asanapite ku ntchito.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Ife tinakula tikudziwa kuti msuzi ndi wothandiza nsima kutsika, ndipo mbale ya msuzi ikabwera yokha timakhala phee kudikira chenicheni. Tsiku loyamba lija ndinadikira ndithu, ndikuyang'ana kukhitchini kuti mwina mpunga ukubwera, mpaka mayi wopereka mbale anabwerera nandilozera mbale yanga ndi nkhope ya nkhawa, poganiza kuti pali chimene chalakwika. Mnzanga anandifotokozera kuti mbale imeneyo ndiye chakudya chonse, ndipo kuti msuzi umene ndinkauona ngati madzi a nyama ndi umene agogo aja anadzukira usiku. Amawiritsa mafupa a ng'ombe kwa maola ambiri pa moto wochepa, akumayengula thovu kuti msuzi ukhale woyera, ndipo amaponyamo anyezi ndi jinja zimene ayamba azitentha pa makala mpaka kuda, pamodzi ndi khungwa la sinamoni ndi kambewu konunkhira kooneka ngati nyenyezi. Banja lililonse lili ndi muyezo wake umene silimauza anthu wamba, ndipo mbiri ya malowo imayenda ndi msuziwo, osati nyama.

Chifukwa cha ichi, mbale ikafika tengani supuni mulawe msuzi musanathiremo chilichonse. Uwu ndi ulemu kwa wophika, komanso ndi njira yokhayo yodziwira chimene chikuperewera pa lilime lanu. Mukatero mufinyiremo ndimu pang'ono, muike tsabola mochepa chifukwa timatsabola tawo tofiira timaluma ngati kambuzi, ndipo mulawenso. Mukapatsidwa mbale ya masamba aawisi pambali, musaiyese ndiwo zoiwalika kuphika. Amenewo ndi masamba onunkhiritsa ndi mphukira zoyera za nyemba, ndipo mumathyola masambawo ndi zala kuchoka ku timitengo take, n'kuwamiza mu msuzi wotentha pang'onopang'ono pamene mukudya, kuti afote koma fungo lisathe. Wophika amasiyira dala ntchito yomalizayi kwa wakudya.

Kuchuluka kwa masambawo kumakuuzani kumene banjalo linachokera. Dziko la Vietnam litagawidwa pawiri mu 1954, ulamuliro wa France utatha, anthu oposa theka la miliyoni anasamuka kumpoto kupita kummwera, natenga phở wawo. Kummwera, makamaka ku Saigon, mzinda umene tsopano umatchedwa Ho Chi Minh City, chakudyachi chinasintha: msuzi unayamba kutsekemera pang'ono, masamba anachuluka, ndipo patebulo panabwera mabotolo awiri, la sosi wakuda wotsekemera wotchedwa hoisin ndi la sosi wofiira wa tsabola. Kumpoto msuzi ndi wosavuta, wa anyezi wamasamba, ndipo amakonda kuviikamo quẩy, amene ali ngati mandasi aatali opanda shuga. Popeza ambiri mwa amene anathawa mu 1975 anali a kummwera, malo odyera a kunja amatsata kwambiri kaphikidwe ka kummwera. Malangizo anga pa masosi awiri aja ndi akuti musawathire mumbale yaikulu, chifukwa amaphimba kukoma konse kumene kunatenga usiku wathunthu. Finyirani pang'ono m'kambale kakang'ono ndipo muziviikamo nyama yokha.

Pa nyama pali mawu awiri ofunika kuwadziwa. Tái ndi nyama imene amaiika yaiwisi mumbale kuti ipse ndi kutentha kwa msuzi, moti imafika patebulo ikadali yofiira, zimene zimadabwitsa ife okonda nyama yopsa bwinobwino. Mukaipeza choncho, imizeni pansi pa msuzi kwa kanthawi ndipo isintha mtundu. Chín ndi nyama yophikidwa kale mpaka kufewa, ndipo imeneyi ndi imene ndingalangize mayi woyembekezera, munthu wa m'mimba movuta kapena aliyense amene mtima wake sukhazikika akaona kufiira. Okonda zam'kati afunse sách, amene ndi chifu, kapena gân, imene ndi mitsempha yofewetsedwa.

Dzanja lamanja limagwira timitengo tiwiri todyera, lamanzere limagwira supuni, ndipo onse awiri amagwira ntchito limodzi. Mumanyamula timizere pang'ono ndi timitengo, mumatikhazika pa supuni yodzaza msuzi, mumaikapo kanthuli, n'kudya zonse pamodzi mutaweramira mbale. Kwathu kudya ndi dzanja lamanzere kumaoneka ngati kusaleredwa bwino, koma kumeneko palibe amene angakuyang'aneni. Musachedwe ndi nkhani kapena foni, chifukwa timizereto timamwa msuzi n'kutupa, ndipo chakudya chikazizira mafuta amayandama. Ngati timitengo tikukuvutani, pemphani foloko mosachita manyazi. Chimene simuyenera kuchita ndi kuzika timitengoto chilili m'mbale ya mpunga, chifukwa zimafanana ndi timitengo ta lubani timene amazika pofukiza kwa akufa, ndipo kwa mwini nyumba zimaoneka ngati malodza. Mukapuma, tigonekeni pamwamba pa mbale kapena pambali pake.

Pali fungo lina limene mudzalimva mutangolowa, ndipo ena a kwathu amabwerera pakhomo chifukwa cha ilo. Limachokera ku nước mắm, madzi a nsomba amene ali mchere wa m'khitchini ya ku Vietnam. Amatenga tinsomba ta m'nyanja yamchere, tofanana kukula ndi usipa, amatisanjika ndi mchere m'migolo ikuluikulu yamatabwa, n'kutisiya kwa chaka kapena kuyandikira pamenepo, ndipo madzi ofiirira amene amatsika ndi amene amathira mu zakudya pafupifupi zonse. Otchuka kwambiri amachokera pa chilumba cha Phú Quốc. Paokha ndi owawa mchere ndi onunkha kwambiri, koma akawasakaniza ndi madzi, ndimu, shuga, adyo ndi tsabola amasanduka nước chấm, msuzi wopepuka woviikamo umene umabwera m'kambale pambali pa zakudya zambiri. Ine ndimaona kuti munthu amene anakulira pa usipa, utaka ndi bonya alibe chifukwa choopera fungo limeneli, popeza mphuno yake ikudziwa kale kuti kumene nsomba youma ikununkha ndi kumene ndiwo zikukoma.

Mukapita kachiwiri yesani zina. Gỏi cuốn ndi masamba, timizere ndi nyama zokulungidwa mu chipepala chopyapyala cha mpunga, zosakazinga, ndipo zimadyedwa ndi manja. Chả giò, amene kumpoto amati nem rán, ndi okazinga, ndipo mumawakulunga m'tsamba la letesi musanaviike. Bún chả wa ku Hanoi ndi nyama yowotcha pa makala yoviikidwa mu msuzi wotsekemera, ndipo ndi chakudya chimene Barack Obama, pulezidenti wa America pa nthawiyo, anadya pa malo ena wamba mumzindawo mu 2016. Bánh mì ndi buledi wautali amene anatsala kuchokera kwa Afalansa, wodzazidwa nyama ndi ndiwo zamasamba zowawasa, wabwino kwa munthu wofulumira. Amene sangagone osadya mpunga afunse cơm tấm, mpunga wosweka umene kale unali wa anthu osauka, ndipo umenewu ngakhale eni ake amadya ndi supuni ndi foloko.

Abale athu achisilamu ndi a mpingo wa Seventh-day Adventist asamale kwambiri pano, chifukwa nyama ya nkhumba ili m'zakudya zambiri zimene ndatchulazi: chả giò, bún chả, cơm tấm, bánh mì, ndiponso gỏi cuốn, amene kuwonjezera apo amakhala ndi tinkhanu ta m'nyanja. Ngakhale bún bò Huế, msuzi wa tsabola wochokera mumzinda wa Huế, umene dzina lake likutchula ng'ombe, nthawi zambiri umakhala ndi mwendo wa nkhumba ndipo nthawi zina magazi oundana. Nkhumba kummwera amati thịt heo, kumpoto thịt lợn, ndipo mawu akuti không amatanthauza ayi. Chinenero chawo chimasintha tanthauzo ndi kakwezedwe ka mawu kuposa chathu, choncho ndi bwino kulemba mawuwo pa foni n'kuonetsa kusiyana ndi kudalira katchulidwe kanu. Njira ina yotetezeka ndi kufunsa zakudya za chay, zopanda nyama iliyonse, zimene Abuda ambiri amadya pa tsiku loyamba ndi la 15 la mwezi wa pa kalendala yawo. Amene thupi lawo limadana ndi mtedza anene msanga, popeza mtedza wokazinga wosinja amauwaza pa zakudya zambiri, monga ife timachitira ndi nsinjiro, kungoti iwo amauwaza pamwamba chakudya chitapsa kale.

Mukakhala gulu, kapena banjalo likakuitanani patebulo lawo, kadyedwe kamasintha n'kufanana kwambiri ndi ka kwathu. Ndiwo zonse zimaikidwa pakati, aliyense amapatsidwa kambale kake ka mpunga, ndipo mumatenga kanthuli kamodzi kuchokera pakati, kukaika kaye m'kambale kanu, kenako n'kudya mutanyamula kambaleko pafupi ndi pakamwa. Kufukula mbale ya pakati pofuna nthuli yaikulu n'kosayenera, monga mmene zilili pa mphasa ya kwathu. Pa ndiwo zimenezi musaphonye rau muống, masamba a m'madzi okazinga ndi adyo. Nditawalawa ndinamva ngati ndikudya kholowa, ndipo sindinalakwe, chifukwa chomeracho ndi cha banja limodzi ndi mbatata. Asanayambe kudya, makamaka kumpoto, ana amaitana akuluakulu mmodzimmodzi ndi mawu akuti mời, kuyambira wamkulu kwambiri, ndipo palibe amene amatola timitengo wamkulu asanayambe. Mwini nyumba akakuikirani nthuli yabwino m'kambale kanu ndi dzanja lake, landirani ndi kuthokoza, chifukwa ndi ulemu womwe uja wa nthutumba imene timasungira mlendo tikamuphera nkhuku.

Chimene chinandikhudza mtima kwambiri ndi kaitanidwe ka anthu. Iwo saitana munthu ndi mawu ouma. Aliyense, ngakhale mlendo wa pamsewu, amamupatsa malo a pachibale molingana ndi msinkhu wake. Mwamuna wokuposani pang'ono ndi anh, ndiye kuti achimwene. Mkazi wokuposani pang'ono ndi chị, achemwali. Wamng'ono kwa inu ndi em. Mayi wa msinkhu wa makolo anu ndi cô, limene kwenikweni ndi dzina la azakhali, mlongo wa bambo, ndipo mwamuna wa msinkhu umenewo ndi chú, bambo aang'ono. Amalume, mlongo wa mayi, ali ndi dzina lawolawo, cậu, monga mmene ife timasiyanitsira. Agogo aakazi ndi bà, aamuna ndi ông. Poitana mumawonjezera ơi kumapeto, moti mtsikana wopereka mbale mumamuitana kuti "em ơi", ndipo mayi wokuposani "chị ơi" kapena "cô ơi". Musaope kukweza mawu pang'ono poitana chonchi, chifukwa pa malo otere wopereka mbale sabwera yekha kudzafunsa ngati zonse zili bwino, amadikira kuti mumuitane. Koma yezani msinkhu bwino, popeza kuitana mayi wamkulu kuti em kuli ngati kunena "iwe" kwa apongozi. Ine nditayesa kunena "bà ơi" kwa agogo a pa mphika aja, anatembenuka, nandiyang'ana kwa kanthawi, kenako anatenga chipande chawo nandiwonjezera msuzi osandifunsa. Nditabwerera kuno n'kuwafotokozera mayi anga zimenezi, sanafunse za nsima monga anafunsira ena onse. Anangoti, "Ndiye kuti anthu amenewo ndi oleredwa, mwanawe."

Pafupi ndi khomo, nthawi zambiri pansi penipeni, mudzaona kaguwa kakang'ono kofiira kokhala ndi tizifanizo, zipatso, timakapu ndi lubani. Kameneko ndi ka chikhulupiriro cha banjalo pa za mwayi wa malonda ndi malo. Palibe amene angakupempheni kuchitapo kanthu, ndipo Mkhristu kapena Msilamu angadye pamalopo mtima uli m'malo. Chofunika ndi kusakhudza zipatsozo, kusaikapo chikwama pafupi ndi kuletsa ana kusewera napo.

Pa zakumwa, tiyi wopanda shuga wothira madzi oundana, trà đá, ndi wotchipa kwambiri ndipo ndi amene ambiri amamwa ndi chakudya. Amene m'mimba mwawo simunazolowere apemphe tiyi wotentha kapena madzi a m'botolo. Khofi yekha musamuphonye. Vietnam ndi dziko lachiwiri pa kulima khofi padziko lonse, kutsatira Brazil, ndipo wambiri ndi wa mtundu wa robusta wolimidwa kumapiri a pakati pa dzikolo, m'dera la Buôn Ma Thuột. Amabweretsa kapu yokhala ndi mkaka wa m'chitini wotsekemera pansi, pamwamba pake kasefa kachitsulo kotchedwa phin, ndipo khofi amadontha pang'onopang'ono kwa mphindi zingapo. Musakanikize kapena kugwedeza kasefako. Dikirani adonthe yense, mutakase bwino kuti mkaka ukwere, ndipo mukafuna wozizira, amene amati cà phê sữa đá, muthire pa madzi oundana. Ndi wamphamvu kwambiri, moti womwa madzulo angachezere usiku wonse.

Polipira mumaitana ndi mawu akuti "tính tiền", kapena mumapita nokha pamene pakhala wolandira ndalama. Mwambo wawo ndi wakuti amene anaitana anzake, kapena wamkulu pagululo, ndi amene amalipira zonse, ndipo kuwerengetsana kuti uyu anadya zakuti pamaso pa eni malo sikuoneka bwino. Ngati wina wakulipirirani, musalimbane naye kwambiri, koma ulendo wotsatira muyambe inu kuitana. Ku Vietnam malo ang'onoang'ono ambiri amafuna ndalama ya m'manja, imene imatchedwa đồng ndipo ili ndi maziro ambiri. Samalani ndi pepala la 500,000 ndi la 20,000, chifukwa onse awiri ndi obiriwira mofanana ndi mtambo ndipo mlendo amawasokoneza mosavuta, makamaka usiku. Kansalu konyowa ka m'pulasitiki kamene mumakapeza patebulo nthawi zambiri kamawerengedwa padera mukakatsegula. Kusiya ndalama yothokoza si mwambo pa malo a banja a ku Vietnam komweko, koma mukakhala kunja tsatirani mwambo wa dziko limene muli: ku South Africa amasiya pafupifupi 10 pa 100 iliyonse, ku America pakati pa 15 ndi 20.

Ndalama perekani ndi manja awiri, ndipo chenji mulandire chimodzimodzi, monga timachitira pogwira mkono popereka chinthu kwa wamkulu. Potuluka musadutse wophika ngati simunamuone. Imani pang'ono, muweramitse mutu, munene kuti "cảm ơn", limene ndi zikomo, n'kuwonjezera dzina lake la ulemu: cảm ơn cô, cảm ơn bà. Ngati mukufuna kubweranso mawa, funsani nthawi imene amatsegula ndipo mufike m'mawa, mphika ukadali wodzaza ndipo nyama ya chín isanathe.